Mathole akamangodwala asanathe mwezi, yambani ndi kufufuza chithuwi

Vutoli limabwera mofanana khola ndi khola. Ng'ombe yabereka bwino, thole laimirira, mwaliona likufunafuna bere, mtima wanu wakhala pansi. Pakutha sabata imodzi kapena masiku 10 mukupeza ndowe zamadzi, zoyera kapena zachikasu, zitamatirira kumchira. Maso alowa, makutu agwa. Mwalibaya jakisoni, lapezako bwino, kenako layamba kutsokomola. Lina latupa mchombo, lina latupa mawondo moti likulephera kuponda. Thole lobadwa pambuyo pake nalonso ladutsa momwemo. Mwasintha mankhwala, mwasesa khola, koma matenda sakuchoka.

Zikafika potere ine sindiyamba ndi kufunsa za mankhwala. Ndimafunsa za tsiku lobadwa. Thole linamwa chithuwi, mkaka woyamba wachikasu uja, patapita maola angati? Malita angati? Chithuwicho chinali champhamvu? Chinadutsa m'chiwiya chotani? Ambiri amayankha ndi mawu awiri okha: "Linayamwa, ndinaliona." Yankho limeneli ndi loyenera kulikayikira poyamba, chifukwa kuona thole pabere sikukuuzani kuti lamwa chochuluka bwanji.

Chimene chimachitika m'maola oyamba

Mwana wa munthu amalandira chitetezo cha mayi ake ali m'mimba, kudzera mu nsengwa. Ng'ombe sinapangidwe choncho. Nsengwa yake silola chitetezo kudutsa kuchokera m'magazi a make kupita kwa mwana, ndiye thole limabadwa m'magazi mwake mulibe pafupifupi chilichonse cholimbana ndi matenda, n'kugwera pansi pomwe pali ndowe ndi tizilombo. Chitetezo chonse cha masabata oyamba chili m'chithuwi, makamaka mapuloteni oteteza thupi amene madokotala a ziweto amawatchula kuti IgG.

Mapuloteni amenewa ndi akuluakulu. Matumbo a thole lobadwa kumene amawalola kulowa m'magazi athunthu, osagayidwa, koma kwa kanthawi kochepa. Khomo limeneli limakhala lotseguka kwambiri m'maola 2 oyamba. Pofika maola 6 layamba kale kuchepa, pa maola 12 latsala pang'ono, ndipo pakatha maola 24 latsekeka. Chithuwi chomwedwa mawa lake chimathandizabe m'matumbo momwemo komanso ngati chakudya, koma m'magazi sichilowanso. Chinanso chimene ambiri sachiganizira n'chakuti khomo lomwelo limalolanso mabakiteriya. Thole likayamba lameza ndowe lisanalawe chithuwi, tizilombo ndi timene timalowa poyamba.

"Linayamwa, ndinaliona"

Mu 1991 Thomas Besser ndi anzake a ku Washington State University ku America anafalitsa zimene anapeza atayeza magazi a mathole a ng'ombe zamkaka odyetsedwa m'njira zitatu. Pa mathole osiyidwa kuti aziyamwa okha kwa make, 61 pa 100 alionse sanalandire chitetezo chokwanira. Pa omwetsedwa ndi botolo anali 19 pa 100, ndipo pa omwetsedwa ndi chubu, kapaipi kolowetsa kummero kuti chithuwi chitsikire m'mimba, anali 11 pa 100. Njira imene imaoneka yachibadwa kwambiri ndi imene inalephera kwambiri.

Zifukwa zake mumaziona mukaima pakhola n'kuyang'anitsitsa. Ng'ombe yamkaka yobereka kangapo imakhala ndi bere lolendewera pansi, nsonga zake zonenepa, pamene thole mwachibadwa limafunafuna m'mwamba, m'mphechepeche mwa miyendo. Limatha ola lathunthu likuyamwa khungu, ubweya, ngakhale mchira wodzaza ndowe. Ng'ombe yobereka koyamba imamva kuwawa bere ndipo imaponda kapena kuzungulirazungulira. Thole lobadwa pakati pa usiku limapezeka m'mawa lili chilili pafupi ndi make, mwini n'kuganiza kuti lakhuta, chonsecho maola abwino adutsa m'mimba muli gwa.

Ngati mwasankha kuti thole liyamwe kwa make, musadalire maso okha. Gwirani mimba ndi manja awiri kuseri kwa nthiti: ya thole lokhuta imakhala yodzaza, ya losamwa imakhala yophwa moti zala zimangotsala pang'ono kukumana. Yang'anani bere. Nsonga yoyamwidwa imakhala yonyowa, yoyera, yamakwinya pang'ono, ndipo mbali imeneyo imaphwa poyerekeza ndi zinzake. Ng'ombe za nyama ndi zina zosatulutsa mkaka wambiri zimakhala ndi chithuwi chochepa koma chokhathamira, mabere ake aang'ono, ndiye mathole ake amayamwa okha bwinoko. Komabe lamulo ndi lomwelo: pakatha maola 2 thole lisanayamwe mooneka, mangani ng'ombe, ikameni, mulimwetse nokha. Kwa ng'ombe zamkaka ine sindidikira n'komwe. Ndimakama, ndimayeza, ndimamwetsa, kenako thole liziyamwa pamwamba pa chimene ndikuchidziwa.

Muyezo umene ambiri amauopa

Thole liyenera kumwa chithuwi cholemera gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake pakumwa koyamba, m'maola 2 oyamba ngati n'kotheka. La makilogalamu 40, monga a mtundu wa Holstein, ndi malita 4. La makilogalamu 25, monga ambiri a mtundu wa Jersey, ndi malita 2 ndi theka kapena 3. Kenako malita ena 2 asanathe maola 12.

Anthu amadzidzimuka akamva malita 4, ndipo amapereka lita imodzi kapena ziwiri poopa kuti thole liphulika mimba kapena litsekula. Masamu ake ndi awa. Chithuwi chabwino chimakhala ndi magalamu 50 a IgG kapena kuposa pa lita imodzi, ndipo thole limafunika magalamu osachepera 150 mpaka 200. Malita 2 a chithuwi chabwino ndi magalamu 100 okha. Ngati chithuwicho chili chosukuluka, ndiye kuti mwapereka ochepera pamenepo, ndipo si onse amene amalowa m'magazi. Thole lotero limaoneka lokhuta, limagona bwino, ndipo palibe chokuchenjezani mpaka sabata yamawa.

Thole lomwa malita 4 nthawi zina limakana kumwa kwachiwiri. Ngati lili tcheru, likuimirira, mimba sinafufume ngati ng'oma, musade nkhawa ndipo musalikakamize ndi chubu. Liyeseninso pakapita maola angapo.

Thole likakana botolo

Apa ndi pamene maola ambiri amatayikira. Munthu amalimbana ndi thole kwa mphindi 10, lamwa theka la lita, watopa, wanena kuti tiyesanso madzulo.

Yambani ndi zing'onozing'ono. Chithuwi chikhale chofunda ngati thupi, madigiri 38 mpaka 39, chifukwa chozizira thole limachikana. Bowo la nsonga ya botolo lisakhale laling'ono moti chithuwi chokhathamira chikulephera kutuluka, komanso musalikulitse ndi mpeni mpaka chizichucha chokha, chifukwa thole limatsamwa ndipo china chimalowa m'mapapo. Mukazondotsa botolo chizidontha pang'onopang'ono. Liyimitseni thole matako ake atatsamira pakona, inu mulipanire pakati pa miyendo, muike chala choyera m'kamwa mwake kuti liyambe kuyamwa, kenako mulowetse nsonga m'malo mwa chala. Ndowa siyoyenera pa tsiku loyamba: thole silinaphunzire kumwera pansi, ndipo chambiri chimathera pamphuno ndi pansi.

Mphindi 15 kapena 20 zikatha thole lisanamalize muyezo wake, chotsalacho chilowe ndi chubu nthawi yomweyo.

Pali chinthu chimodzi chofunika kudziwa pa kusiyana kwa botolo ndi chubu. Thole likamayamwa, kanjira kena m'mimba mwake kamapindika n'kulondolera mkaka molunjika ku chifu chachinayi, chomwe ndi chifu chenicheni chogaya mkaka. Chubu sichichititsa zimenezi. Chithuwi chimayamba chagwera m'zifu zoyamba, n'kumasefukira m'chifu chachinayi pang'onopang'ono. Sandra Godden ndi anzake a ku University of Minnesota anayerekeza njira ziwirizi mu 2009: pa muyezo waung'ono wa lita imodzi ndi theka, botolo linaposa chubu, koma pa malita 3 panalibe kusiyana. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti mukagwira chubu, perekani muyezo wonse. Lita imodzi ya pachubu ndiyo njira yofooka kuposa zonse.

Kulowetsa chubu osavulaza thole

Ambiri amaopa chubu, ndipo mantha ake ndi omveka, chifukwa chithuwi chikalowa m'mapapo thole limafa pomwepo kapena limadwala chibayo choopsa. Koma amafa chifukwa choopa chubu ndi ambiri kuposa amafa chifukwa cha chubu chogwiritsidwa bwino. Ulendo woyamba pemphani dokotala wa ziweto kapena mlangizi akuonetseni pa thole lamoyo, dzanja lanu lili pakhosi pa tholelo.

Gwiritsani ntchito chubu chopangidwira mathole, chokhala ndi kampira kobulungira kunsonga. Kampirako kanapangidwa kuti kasalowe mosavuta m'njira ya mpweya, komanso kuti muzikamva ndi zala. Paipi wamba wodula alibe zimenezi ndipo amacheka kummero. Yendetsani chala pachubu chonse: ngati chili ndi ming'alu kapena mano a mathole anachikanda, chitayeni, chifukwa chimavulaza komanso chimasunga tizilombo.

Thole likhale choimirira, kapena chogona chamimba, chifuwa pansi, mutu m'mwamba. Losagona bwino, lomwe langoti lambalala cham'mbali, musalimwetse mpaka mutalikhazika. Mutu ukhale mmene umakhalira mwachibadwa, mphuno isakwere kuposa makutu. Mukakweza mutu kwambiri n'kuwongola khosi, mumatsegulira chubu njira ya mpweya. Nyowetsani nsonga ndi chithuwi, thumba kapena botolo likhale pansi kapena chubu chikhale chopindidwa kuti pasatuluke dontho. Lowetsani pang'onopang'ono pamwamba pa lilime, chakumanzere kwa thole, ndipo mulipatse thole mpata womeza. Musakankhe ndi mphamvu. Chikakana, bwezani pang'ono muyesenso.

Tsopano gwirani kumanzere kwa khosi. Njira ya mpweya ndi yolimba, ya mphetemphete, ndipo imamveka nthawi zonse. Njira ya chakudya ndi yofewa, siimveka pokhapokha muli chinthu. Chubu chikalowa koyenera mumamva zinthu ziwiri zolimba zogundizana, ndipo mukachisuntha pang'ono kampira kaja kamayenda pansi pa zala zanu. Mukamva chinthu chimodzi chokha, thole likutsokomola, kapena mpweya ukutuluka pachubu mogwirizana ndi kupuma kwake, chotsani muyambirenso. Kutsokomola kokha musakudalire, chifukwa thole lofooka limatha kukhala chete chubu chili m'njira ya mpweya.

Mukatsimikiza, kwezani thumba, chithuwi chitsike chokha osachifinya. Thole likayamba kulimbana, tsitsani thumba kaye, muonenso ngati chubu sichinasunthe. Pomaliza dikirani chithe chonse, pindani chubu, ndipo muchitulutse kamodzi mutu wa thole utaweramira pansi. Ngozi zambiri zimachitika potulutsa, madontho otsala m'chubu akagwera pakholingo. Mukhale ndi machubu awiri, china cha mathole obadwa kumene, china cha odwala, ndipo zisasinthane.

Thole lobadwa movutikira

Thole lokokedwa, kapena lokhalitsa panjira, limabadwa litasowa mpweya. Lilime ndi mutu zimatupa, silidzutsa mutu msanga, ndipo mukaika chala m'kamwa silikoka. Thole labwino limadzutsa mutu n'kugona chamimba m'mphindi zochepa, ndipo limaimirira lisanathe ola. Lochedwa pa zimenezi musalidikire kuti lilimbe kaye. Pukutani mamina m'mphuno ndi m'kamwa, likhazikeni chamimba miyendo yakutsogolo itapindidwa pansi pa chifuwa, lipukuteni mwamphamvu ndi nsalu youma. Kulizondotsa miyendo m'mwamba kwa nthawi yaitali kusiyeni: madzi amene amatuluka ambiri amachokera m'chifu, ndipo matumbo amapanikiza mapapo pamene thole likufuna kupuma.

Yezani kutentha kwa thupi. Koyenera ndi madigiri 38.5 mpaka 39.5. Kukatsika pansi pa 38, lifunditseni ndi kulitenthetsa uku mukukonza chithuwi chofunda. Mathole otere ndiwo oyenera chubu mosazengereza, akangotha kukhala chamimba ndi kumeza.

Mwapereka msanga, mwapereka chokwanira, koma akudwalabe

Ndiye tiyang'ane chithuwicho. Maso amanyenga. Chachikasu kwambiri ndi chokhathamira nthawi zambiri chimakhala chabwino, koma mtundu umachokera ku mafuta ndi zakudya za ng'ombe, osati ku IgG. Kachipangizo kotchedwa Brix refractometer kamathetsa mkangano: madontho awiri pagalasi, muyang'ane kowala, muwerenge nambala. Chikafika 22 peresenti kapena kuposa, n'choyenera kumwa koyamba. Chochepera pamenepo chisungireni kumwa kwachiwiri ndi masiku otsatira. Palinso choyezera choyandamitsa chotchedwa colostrometer, koma chimasweka msanga ndipo chimanama chithuwi chikakhala chotentha kapena chozizira kwambiri. Pa zida zonse za pakhola la mkaka, refractometer ndi imene ine ndingayambe kugula.

Chithuwi chikamapezeka chofooka kawirikawiri, choyamba kufunsa ndi nthawi yokama. Ng'ombe ikangobereka, bere limayamba kupanga mkaka wamba umene umasukulutsa chithuwi. Kudikira maola 14 kumachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake poyerekeza ndi kukama pa maola 2. Ng'ombe yobereka usiku n'kudikira nthawi yokama ya mawa madzulo yataya zambiri. Chithuwi chenicheni ndi cha kukama koyamba kokha. Cha kachiwiri ndi kachitatu n'chabwino kwambiri kwa thole la masiku awiri kapena atatu, koma sichingalowe m'malo mwa choyamba.

Chachiwiri ndi nthawi imene ng'ombe inapuma kukamidwa isanabereke. Chitetezo chimasonkhana m'bere m'masabata omaliza a bere la mwana. Ng'ombe imafunika kupuma masiku 45 mpaka 60. Yokamidwa mpaka pafupi ndi tsiku lobereka, yokamidwa isanabereke pofuna kuchepetsa kutupa kwa bere, kapena yomwe mkaka umangodontha yokha masiku omaliza, imapereka chithuwi chochepa mphamvu. Yowonda, yosowa madzi, kapena yozunzika ndi kutentha nayonso imavuta. Yotulutsa chithuwi chambirimbiri pakukama koyamba muziikayikira, chifukwa nthawi zambiri chimakhala chosukuluka.

Anthu ena amataya chithuwi cha ng'ombe yobereka koyamba poganiza kuti n'chachabe. Ndi zoona kuti ng'ombe zazikulu zakumana ndi matenda ambiri ndipo kawirikawiri chawo chimaposa, koma zambiri zobereka koyamba zimadutsa 22 bwinobwino. Yezani musanataye. Chimene muyenera kutaya ndi chamagazi, chamabulumabulu, kapena chochokera m'bere lotupa ndi matenda. Kusakaniza chithuwi cha ng'ombe zingapo m'ndowa imodzi ndimakukana: chosukuluka chimakhala chambiri ndipo chimamiza chabwino, komanso ng'ombe imodzi yodwala imapatsira mathole onse.

Ngati kutsekula m'mimba kwakhazikika m'khola, kambiranani ndi dokotala za katemera wa ng'ombe zabere wolimbana ndi tizilombo totsekula m'mimba totchedwa rotavirus, coronavirus ya ng'ombe ndi E. coli. Amabayidwa masabata angapo ng'ombe isanabereke, motsatira malangizo a pabotolo. Katemerayu amagwira ntchito kudzera m'chithuwi basi, ndiye thole likapanda kumwa mokwanira, katemerayo wapita pachabe.

Ndowa, botolo ndi dzuwa

Chithuwi chimatuluka m'bere chili choyera ndithu. Chimadetsedwa ndi nsonga zosatsuka, manja, ndowa, botolo ndi chubu. Pamalo ofunda mabakiteriya amatha kuwirikiza kawiri mphindi 20 zilizonse, ndiye ndowa yosiyidwa pakhola kuyambira m'mawa mpaka masana imakhala itasanduka china. Mabakiteriya ochuluka amadwalitsa thole, komanso amachepetsa IgG yolowa m'magazi. Malire amene ma labotale amagwiritsa ntchito ndi mabakiteriya osapitirira 100,000 pa mililita imodzi, ndipo a mtundu wa m'ndowe osapitirira 10,000.

Tsukani ndi kupukuta nsonga za bere musanakame, ngakhale ng'ombe ili yotopa ndi kubereka. Chithuwi chimwedwe lisanathe ola, apo ayi chiziziritsidwe msanga. Pa katsukidwe ka ziwiya pali cholakwa chimodzi chofala: kuyamba ndi madzi otentha kwambiri. Kutentha kumaphika mapuloteni n'kuwamatiza kuchiwiya, ndipo m'kanthu kosaoneka kameneko ndi mmene tizilombo timakhala. Yambani kutsukuluza ndi madzi ofunda pang'ono, kenako madzi otentha ndi sopo ndi bulashi yofika mpaka m'kati mwa chubu ndi nsonga, mutsukuluzenso, muzondotse kuti ziume. Nunkhizani botolo. Likamveka kafungo kowawasa, silinayere.

Mufuriji ya madigiri 4 chithuwi chigwiritsidwe ntchito m'tsiku limodzi kapena awiri. Mufiriza chimakhala mpaka chaka. Chisungeni m'matumba kapena m'mabotolo a lita imodzi kapena ziwiri, matumbawo ogoneka kuti akhale opyapyala, mutalemba tsiku, ng'ombe yake ndi nambala ya Brix. Posungunula ikani thumba m'madzi ofunda osapitirira madigiri 50, osati pamoto, osati m'madzi owira, chifukwa kutentha kwambiri kumaononga chitetezo chomwe mukuchifunacho. Chosungunuka kale chisabwererenso mufiriza. Makhola akuluakulu amatenthetsa chithuwi pa madigiri 60 kwa mphindi 60 kuti aphe tizilombo tambiri osaononga IgG. Zimenezi zimafuna chipangizo chosunga kutentha pamalo amodzi. Mukapitirira pang'ono chithuwi chimalimba ngati phala, ndiye m'poto pachitofu musayese.

Make wafa, kapena alibe chithuwi

Chabwino koposa ndi chithuwi cha mufiriza chochokera m'khola lanu lomwe, chifukwa chili ndi chitetezo cha matenda a pamalopo. N'chifukwa chake ng'ombe iliyonse yathanzi yopereka chabwino chotsala iyenera kusiyako malita angapo. Chochokera kwa mlimi wina chimapulumutsa thole, koma funsani za thanzi la ng'ombe zake, chifukwa matenda a Johne, chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi Salmonella amayenda mu mkaka. Matenda a Johne ndi oipa chifukwa thole limawatenga lili laling'ono n'kudzaonekera patapita zaka, ng'ombe ikuwonda ndi kutsekula kosalekeza.

Chithuwi chaufa chili mitundu iwiri, ndipo mapaketi ake amafanana. Cholowa m'malo mwa chithuwi chimakhala ndi magalamu 100 a IgG kapena kuposa pa muyezo umodzi. Chongowonjezera chimakhala ndi ochepera, ndipo pachokha sichikwanira. Werengani magalamu a IgG papaketi, muwerengetse kuti afike 150 mpaka 200, ngakhale zitafuna mapaketi awiri. Zosakaniza za pakhomo za mkaka, dzira ndi mafuta zimapatsa thole mphamvu yoti lifike mawa, koma sizilipatsa chitetezo cha make. Thole lopitirira maola 24 lisanamwe chithuwi lisungidwe palokha, pouma ndi poyera, ndipo dokotala akhoza kuliika magazi kapena madzi a m'magazi a ng'ombe yathanzi ngati mukuona kuti n'loyenera kutero.

Kudziwa ngati mwakonzadi vuto

Njira yotsimikizira ndi magazi. Dokotala amatenga magazi a mathole athanzi a tsiku limodzi mpaka masiku 7, n'kuyeza mapuloteni a m'madzi a magaziwo. Kwa zaka zambiri malire anali magalamu 10 a IgG pa lita. Mu 2020 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Jason Lombard linakweza muyezo: magalamu 25 kapena kuposa ndi chitetezo chapamwamba, 18 mpaka 24.9 n'chabwino, 10 mpaka 17.9 n'chapakati, ndipo pansi pa 10 n'chosakwanira. Pa refractometer ya Brix, madzi a magazi osafika 8.1 peresenti ndiwo osakwanira, ndipo 9.4 kupita m'mwamba ndi apamwamba. Cholinga n'chakuti mathole osakwanira asafike 10 pa 100 alionse. Thole lotsekula kale musaliyeze, chifukwa kutha madzi m'thupi kumakweza nambala monyenga. Thole limodzi silinena zambiri za khola. Yezani angapo motsatizana.

Ngakhale popanda magazi, kope limathandiza. Lembani ola lobadwa, ola lomwa, malita, njira, ndi amene anamwetsa. Mathole 10 akadutsa mudzaona nokha pamene pakudontha: mwina onse odwala ndi obadwa usiku, mwina ndi a ng'ombe zobereka koyamba, mwina ndi omwetsedwa ndi botolo limodzi lija.

Magazi akaonetsa chitetezo chabwino koma mathole akudwalabe, ndiye kuti tizilombo tachuluka kuposa chimene chithuwi chingathe. Yang'anani pobadwira: pakhale pouma, pa udzu watsopano, osati pamene pamagona ng'ombe zodwala. Mchombo uviikidwe mu ayodini wa 7 peresenti kapena chlorhexidine thole likangobadwa, ndipo muziugwira masiku otsatira kuti mumve ngati watupa kapena ukutentha. Mathole aang'ono asasakanikirane ndi okulirapo. Tsiku limene kutsekula kumayamba limalozanso komwe kuli vuto. M'masiku 4 kapena 5 oyamba kawirikawiri ndi E. coli, ndipo pamenepo chithuwi ndi ukhondo wa pobadwira ndizo zoyamba kuzikayikira. Kuyambira kumapeto kwa sabata yoyamba mpaka yachitatu nthawi zambiri ndi rotavirus, coronavirus kapena Cryptosporidium. Kachilombo kotsirizaka chithuwi sichikaletsa kwenikweni, mankhwala ambiri otsukira khola sakapha, maantibayotiki wamba sakagwira, ndipo kamadwalitsanso anthu, choncho sambani m'manja mukachoka kwa thole lotsekula.

Thole limene likutsekula panopa limaphedwa ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi msanga kuposa kachilomboko. Lipatseni madzi a mchere ndi shuga opangidwira mathole, malita 2 kawiri patsiku kapena kuposa, pakati pa nthawi za mkaka, ndipo mkaka musauleke chifukwa ndiwo mphamvu yake yokha. Tsinani khungu la pakhosi n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, maso alowa kwambiri, m'kamwa mwazizira, thole silikuimirira kapena silikukokanso chala, za pakamwa sizikwaniranso. Likufunika diripi, ndipo dokotala aitanidwe tsiku lomwelo.